Kale kunalibe Facebook, nanga ojambula ankakopa bwanji anthu?

Mnyamata wina wanditumizira imelo. Watsegula kasitudiyo ka zithunzi koma anthu sakubwera, ndipo mnzake wamulangiza kuti atsitse mtengo. Funso lake ndi lakuti, kodi amene anayambitsa ntchitoyi ankakopa bwanji makasitomala, anthu asanazolowere n'komwe kujambulitsa? Achimwene, mwandikhudza pamtima, chifukwa ine ndinakulira pakhomo pamene ufa unkagulidwa ndi ndalama za kamera.

Amalume anga anali wojambula wa panjinga. Loweruka ku maukwati, Lamlungu panja pa tchalitchi, m'kati mwa sabata ku sekondale kumene atsikana ankabwerekana nsapato kuti aoneke bwino. Munthu ankapereka theka, filimu ikadzaza n'kupita kutauni kukatsukidwa, zithunzi zikabwera n'kumalizitsa ndalama. Vuto linali pamenepo, pomalizitsapo. Zithunzi zimene eniake sanaombole amalume ankazimata pa bolodi, n'kukuta ndi pulasitiki, n'kuimika pakhonde la golosale. Wolondera bolodiyo ndinali ine. Anthu ankaunjikana, wina n'kuloza kuti uyu si mwana wa uje uyu, taonani tayi. Angongole ankathamanga kudzaombola chifukwa cha manyazi, koma ena, makamaka anyamata, ankachita kupempha kuti chawo chikhale kaye pa bolodi masiku angapo. Ndipo pagulu loonereralo sipankalephera kupezeka wina wofunsa tsiku limene amalume adzadutse kumudzi kwawo.

Nditakula ndinapeza kuti nzeru imeneyi ndi yakale ngati ntchito yeniyeniyo. Njira ya Louis Daguerre yojambulira pa kachitsulo kokutidwa ndi siliva inalengezedwa ku Paris mu 1839. Mu 1840 Alexander Wolcott ndi John Johnson anatsegula situdiyo ku New York, ndipo mu 1841 Richard Beard anatsegula yake padenga la Royal Polytechnic Institution ku London. Magetsi ojambulira kunalibe, ankadalira dzuwa, choncho masitudiyo ambiri ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba zosanja, denga lake lagalasi. Tangoganizani: malonda anu ali kumwamba, kasitomala akudutsa pansi, ndipo kuti akupezeni ayenera kukwera masitepe ambirimbiri. Ndiye pakhomo la kumsewu ankapachika kabokosi kagalasi kodzaza ndi nkhope.

Mathew Brady, amene anatsegula situdiyo pa msewu wa Broadway ku New York mu 1844, anaona kuti si nkhope iliyonse imene imaimitsa munthu. Ankasakasaka andale, akuluakulu a asilikali ndi anthu a zisudzo, n'kupachika zithunzi zawo m'chipinda chokongoletsedwa kuti anthu azidzaona. Pa 27 February 1860 anajambula Abraham Lincoln asanakhale pulezidenti wa America, ndipo chithunzicho chinafala m'dziko lonse. Munthu wamba ankakwera masitepe aja kuti akakhale pamene pankakhala otchuka. Ku Paris, wojambula wina dzina lake Nadar anapachika siginecha yake ya zilembo zikuluzikulu zofiira kutsogolo kwa situdiyo yake pa Boulevard des Capucines, usiku n'kumaiwalitsa ndi nyale za gasi.

M'nyuzipepala namo ankalemba, ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti ankayankha mantha a anthu. Kujambulitsa kunali chintchito: munthu ankakhala duu, mutu atautsamiritsa pa chitsulo kumbuyo kuti usagwedezeke. Ndiye zotsatsa zinkalonjeza kuti kwathu kuno n'kanthawi kochepa, timajambula ngakhale kuli mitambo, ana mubwere nawo masana dzuwa lili pamutu, valani zakuda chifukwa zoyera sizituluka bwino. Ambiri ankaonjezanso kuti amapita kunyumba kukajambula odwala ndi omwalira. Panali mawu amene ojambula ambiri ankawakonda, olimbikitsa anthu kuti asunge chithunzithunzi cha munthu thupi lisanafote. Ena amati kumeneko kunali kudyera pa chisoni cha anthu. Ine ndikukana. Funsani aliyense amene mayi ake anamwalira osasiya chithunzi ngakhale chimodzi, akuuzeni ngati akanadana ndi munthu womukumbutsa nthawi ikadalipo.

Koma chida chimene chinaposa zonse chinali kuseri kwa chithunzi. Mu 1854 André Disdéri wa ku Paris analembetsa njira yojambulira tizithunzi 8 pa galasi limodzi (galasi ndilo linkagwira ntchito ya filimu), n'kumatimata pa timakadi tolimba. John Mayall wa ku London atatulutsa makadi a Mfumukazi Victoria ndi banja lake mu 1860, aliyense anafuna akeake oti azisinthana ndi abale. Kuseri kwa makadi ambiri kunkasindikizidwa dzina la situdiyo, msewu wake, mamendulo amene inapata pa zionetsero, ndi mawu akuti galasi lanu tasunga, mukafuna zina mungoitanitsa. Kasitomala ankalipira, n'kunyamula yekha malonda anu kukawagawa kwa anthu khumi ndi awiri. Kwathu kuno, tikamakumbukira Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre Mission, amene anajambula John Chilembwe, n'chifukwa chakuti dzina lake silinasiyane ndi ntchito yake. Amalume analibe ngakhale chidindo. Zithunzi zawo zili m'maalubamu a anthu boma lonse lija, koma palibe angakuuzeni amene anajambula, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Za mtengo

Apa mnzanuyo akukusokeretsani, ndipo sindibisa. Otsitsa mitengo analiponso kale. M'zaka za m'ma 1850 ku New York kunali masitudiyo ojambula pa masenti 25, pamene odziwika ankalipiritsa madola 2 kapena kuposa. Ku London otchipa ankaimika munthu pakhomo wokoka odutsa, ngati oitanira minibasi pa depoti. Mtolankhani Henry Mayhew anacheza ndi wojambula wina wa mapeni 6 amene anaulula yekha mmene ankabwezera ndalama zake: kulipiritsa mankhwala owalitsira chithunzi amene anali madzi chabe, ndiponso tsiku lina kupatsa wogwira ntchito m'sitima yapamadzi amene anali pachangu chithunzi cha kalipentala, n'kumukakamiza kuti ndi iyeyo. Mtengo ukatsika kwambiri umafika pokuphunzitsani kuba. Komanso lero simukupikisana ndi situdiyo ya pafupi nanu ayi, mukupikisana ndi foni ya m'thumba imene imajambula ulere, ndiye mutsitsa mpaka pati? Musandikumbutse kuti Brady anamwalira ali mphawi mu 1896. Chinamugwetsa ndi ngongole za zithunzi za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, osati mtengo wa pa Broadway.

Ndiye chitani izi. Sindikizani zithunzi zanu zabwino kwambiri, zikuluzikulu, muziike panja pamene anthu amadutsa ndipo muzizisintha. Jambulani ulere anthu angapo odziwika m'dera lanu, kaya ndi kwaya, timu ya mpira kapena amfumu. Dzina ndi nambala yanu zikhale pa chithunzi chilichonse chimene chatuluka, chapapepala ndi chapafoni chomwe. Za bolodi ya angongole musatengere. Masiku ano muyambe mwapempha mwini nkhope musanamupachike pakhomo kapena pa Facebook.