Yambani ndi Cabinda, aphunzitsi

Aphunzitsi, mwafunsa chitsanzo chimodzi chabwino chofotokozera ana za madera omwe ali padera, osalumikizana ndi dziko lawo. Ine ndikuti tengani Cabinda, ndipo musawadzazire mayina ambirimbiri pa bolodi. Amaloweza lero, mawa aiwala.

Tsegulani mapu a Africa, muwauze aike chala pamene mtsinje wa Congo umathira m'nyanja ya Atlantic. Kumwera kuli Angola. Kumpoto kuli kachigawo kakang'ono kotchedwa Cabinda, komwenso ndi ka Angola, koma pakati padutsa kamzere ka dziko la DRC. Mwana akaona yekha zimenezi amafunsa kuti zidatheka bwanji, ndipo phunziro lanu layambira pomwepo.

Yankho lili mu 1885. Chaka chimenecho mafumu a ku Cabinda adasainirana pangano la Simulambuco ndi Apwitikizi loika dera lawo pansi pa chitetezo cha Portugal, pomwe Mfumu Leopold II ya ku Belgium idapatsidwa njira yotulukira kunyanja kuti dziko lake la Congo, lomwe lero ndi DRC, lisakhale lotsekeka. Kanjira kameneko ndi komwe kadadula Cabinda. Angola italandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi mu 1975, Cabinda idawerengedwa ngati chigawo chake, ngakhale gulu la FLEC, lofuna kuti Cabinda ikhale dziko palokha, lidakana n'kutenga zida.

Apa mpamene ndimafuna muchedwepo. M'nyanja ya kufupi ndi Cabinda mumapopedwa mafuta ochuluka omwe amalemeretsa boma la ku Luanda, likulu la Angola, pomwe eni dera akhala akudandaula kuti phindu lake saliona. Munthu wa kumeneko akafuna kupita ku likulu la dziko lake ayenera kukwera ndege, sitima yapamadzi, kapena kudutsa m'dziko la eni. Zimandikhudza kuti ambiri adamva dzina la Cabinda koyamba pa 8 Januwale 2010, pomwe zigawenga zidaombera basi ya timu ya mpira ya Togo m'deralo popita ku mpikisano wa Africa Cup of Nations. Wothandizira mphunzitsi wa timuyo ndi mneneri wake adafa, Togo n'kubwerera kwawo osasewera.

Nthawi ikatsala, tchulaniko Kaliningrad, dera la Russia lomwe lili pakati pa Poland ndi Lithuania, lomwe likulu lake lidali mzinda wa Germany wotchedwa Königsberg mpaka 1945. Likoma ndi Chizumulu, zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, muwapatse ngati ntchito yokachitira kunyumba, akafufuze okha kuti amishoni a Anglican a UMCA adalowererapo bwanji.