Abwana apita ku Durban andisiyira agalu, nditani zikavuta?

Sabata yatha ndalandira email kuchokera kwa achimwene ena ake a ku Mangochi amene amagwira ntchito ya mu gaden cha ku Randburg. Akuti abwana awo akupita ku Durban December yense ndipo awasiyira nyumba, agalu awiri ndi mphaka, ndiye akufunsa kuti galu akadya poizoni kapena akavulala usiku apange bwanji, komanso ngati zili zoona kuti mkaka umatsitsa poizoni monga tinkamvera kumudzi.

Achimwene, ndiyambe ndi mkakawo chifukwa ineyo unandipusitsapo. Ndili mgwiragwira wa ntchito ya pa yadi zaka zapitazo, mmawa wina ndinapeza galu wa abwana ali dovu chuchuchu, akunjenjemera thupi lonse, ine kuthamangira mu kitchen kukatenga mkaka ndi dzira laliwisi nkumamuthira mkamwa, mpaka mphindi zambiri kutha ndili pompo. Pofika kwa vet, dokotala wa ziweto, galu anali atapita kale. Dokotala uja sanandikalipire, anangondiuza kuti nthawi imene ndinataya ndi mkaka ija ndi imene iye ankaifuna. Mkaka, mafuta ophikira, madzi a mchere, makala a braai osinja, zonsezi sizichotsa poizoni, ndipo galu amene akuphupha sameza bwino ndiye zimene mukumuthirazo zimalowera ku mapapo. Mchere wokhawo ukachuluka umapha pawokha.

Poizoni amene wavuta kuno ku Joni ndi uja amati two-step. Si wachilendo kwa ife ayi, ndi tameki yemweyo wa makoswe amene timamudziwa kwathu, dzina lake lenileni aldicarb, timibulu takuda ting'onoting'ono. Ndi oletsedwa koma mumupeza akugulitsidwa mmapepala pa ma taxi rank. Matsotsi amamuika mu viyena kapena mu nyama nkuponya pa mpanda kuti agalu afe iwo adzalowe bwino. Galu akadya amatuluka dovu kwambiri, kusanza, kutsegula mmimba, minofu kumangodumphadumpha, mwana wa diso kuchepa ngati kadontho, kenako kupuma kumavuta. Zimathamanga zimenezi, nthawi zina ola silikwana. Mankhwala ake alipo, jakisoni wa atropine, koma ali kwa vet basi osati mu kabati yanu. Ndiye inu ntchito yanu ndi kumukulunga mu bulangete, kuimba foni kwa vet muli mnjira kuti akonzekere, ndi kuthamanga. Galu winayo mutsekereni mnyumba kaye asanyambite masanzi, zotsala za nyamayo tolani mutavala magolovesi kapena pulasitiki mmanja mupite nazo, musagwire ndi manja chifukwa tameki amalowa ngakhale pa khungu. Ndipo usiku umenewo khalani tcheru, uzani a security ndi ma neba, amene anaponya uja amabwerera.

Zomusanzitsa galu musapange musanafunse vet pa foni. Ngati wamwa Jik kusanza kumaotcha kukhosi kachiwiri, ngati ndi parafini akamasanza amalowera ku mapapo. Rattex, poizoni wina wa makoswe, ndiye wachinyengo, galu amadya lero nkumaoneka bwinobwino akusewera, patapita masiku 3 mpaka 5 ndi pamene magazi amayamba kutayikira mkati, ndiye mukangomuona wadya pitani naye tsiku lomwelo ndi paketi yake, amapatsidwa vitamin K1.

China chimene a Malawi timalakwitsa chifukwa cha chisoni ndi Panado. Mphaka musamupatse Panado olo theka, chiwindi chake sichitha kugaya paracetamol, piritsi limodzi lokha amafa nalo. Grand-Pa chimodzimodzi chifukwa alinso ndi paracetamol. Brufen kwa galu amaboola chifu ndi kuononga impso. Komanso poti ndi nyengo ya Khirisimasi, chokoleti, mphesa ndi ma raisins a mu keke, anyezi wotsala pa braai, izi si za galu, olo akuyang'aneni ndi maso achisoni bwanji.

Akagundidwa ndi galimoto kapena akadzicheka pa razor wire, zimene zimachitika kwambiri pa 31 December akamathawa ma fireworks, dziwani kuti galu amene akumva ululu amaluma aliyense, ngakhale inu amene mumamupatsa chakudya tsiku ndi tsiku. Mangani kukamwa kwake ndi kansalu kapena tayi yakale, pokhapokha ngati akusanza kapena akubanika pamenepo musamange. Pa bala ikani thaulo loyera ndi kukanikiza mphindi 5 mpaka 10 osasuzumira, magazi akapyola onjezerani nsalu ina pamwamba osachotsa yoyamba ija. Mwendo wothyoka musauongole. Muyikeni pa thabwa kapena pa bulangete munyamule awiri. Mphaka mufunditseni thaulo nkumuika mu katoni yoboola, apo ayi akukalani mpaka mudzamusiya. Akakulumani inuyo tsukani balalo ndi sopo pa mpopi mphindi 15 mupite ku clinic tsiku lomwelo, chiwewe si nkhani yoseweretsa.

Njoka ziliko kuno makamaka ma plot a kunja kwa tauni, rinkhals ija yolavula ndi mphiri. Akalavuliridwa mmaso tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena 20 kenako kwa vet. Akalumidwa musateme mphini, musayamwe, musamange chingwe, munyamuleni asayende yekha.

Dzuwa la December nalonso. Galu satuluka thukuta ngati ife, amaziziritsa thupi ndi kupuma kwa wefuwefu kuja, ndiye timagalu ta mphuno zophwatalala ngati pug ndi bulldog timavutika msanga. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, likadutsa 41 ndi ngozi. Mukamuona lilime lafiira kwambiri akudzandira, mupititseni pa mthunzi muthireni madzi a pa mpopi thupi lonse, fan ngati ilipo yatsani, madzi akumwa pang'onopang'ono osamukakamiza, kenako kwa vet olo aoneke kuti watsitsimuka. Mu galimoto yotseka musamusiye ngakhale mukungolowa mu Shoprite.

Phunzirani kuyang'ana nkhama zake lero lomwe adakali bwino, kwezani mlomo muone, zimakhala za pinki. Tsiku lina mukazaziona zayera mbuu galu ali ofooka sakudya, mwina ndi biliary, nthenda ya nkhupakupa imene ili ponseponse ku Gauteng kuno, kapena akutaya magazi mkati, musadikire mawa. Mphakayo simunanene ngati ndi wamphongo, koma ngati ali wamphongo nkumangopitapita pa mchenga wake kukakamiza mkodzo osatuluka akulira, njira yatsekeka imeneyo, tsiku limodzi kapena awiri impso zimagonja.

Tsono abwanawo asananyamuke khalani nawo pansi. Akupatseni nambala ya vet wawo ndi ya chipatala cha ziweto chotsegula usiku chomwe chili pafupi, muzisunge mu foni ndi kumata pa firiji, chifukwa ambiri amatseka pa holide. SPCA ya ku Randburg, bungwe losamalira ziweto, ili kufupi ndi inu, a kummwera kuno ku Rosettenville ndi Turffontein tili ndi Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park ndi SPCA ya ku Booysens, koma funsiranitu nthawi imene amatsegula. Mugwirizanenso za transport, si driver aliyense wa Uber kapena Bolt amene angalole galu wosanza mu galimoto yake 2 koloko usiku, bola neba wa bakkie amene mwalankhula naye kale. Ndipo auzeni abwanawo alembe pa WhatsApp kuti akukulolani kupita ndi ziwetozo kwa vet ndipo bill ndi yawo, musadzatulutse ya lendi kapena yotumiza kumudzi.