Mlandu Usamafike Pamodzi ndi Nsima

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga. Ukuti pa Thanksgiving yapitayi, chikondwerero chija cha kuthokoza cha ku America, munasonkhana kwa mayi ako aang'ono komweko ku Indiana, nkhukundembo itafika patebulo amalume ako n'kuyambitsa nkhani ya ndalama za chiliza cha agogo anu. Mayi aang'ono akuti gawo lawo anatumiza kalekale, amalume akuti sanaone ngakhale tambala. Mawu anakwera, amalume ananyamuka chakudya chili m'mbale n'kukaliza galimoto. Tsopano ukufunsa ngati upite pa Khirisimasi kapena ungodzikhalira. Waonjezanso kuti m'masewero oseketsa a pa TV mabanja amakangana pa tsiku lomweli koma pomaliza amakumbatirana, nanga kwanu zikukanika bwanji?

Kupita upite, mwanawe, zimenezo usazitayire tulo. Chibale ndi fupa, sichiola. Ine funso limene ndimayembekezera kwa iwe ndi lina: kodi ndani anawakhazika pansi awiriwa chakudya chisanaphulidwe?

Masewerowo ndinawaonerako nditapita kukacheza kwa mwana wanga kunjako, poti kuno kanema wathu anangoyamba mu 1999, ife titakalamba kale ndi wailesi. Ndi osangalatsa, sindikana. Koma uzidziwa m'mene amawapangira. Sewero la theka la ola limatenga mphindi ngati 22, zotsalazo ndi zotsatsa malonda, ndipo olemba amakhala gulu, atagwirizana kale kuti wolakwa ndani ndipo apepesa pa mphindi iti. Kuseka ukumvako ndi kwa anthu oitanidwa kudzaonerera pojambula, pena ndi kojambulidwa kale kongoikamo. Olembawo amaikonda Thanksgiving chifukwa pa Lachinayi lachinayi la Novembala, tsiku limene nyumba ya malamulo ya ku America inalikhazikitsa mu 1941, abale onse amatsekeredwa m'nyumba imodzi, wina sangathawe nyama isanapse. Sabata yotsatira sewero laiwala zonse. Amalume ako sadzaiwala sabata yamawa, chifukwa amene anatchulidwa pamkanganowo ndi mayi awo owabereka, amene ali m'manda opanda chiliza.

Kwathu Khirisimasi inkafika mvula ili pakati, anthu akupalira, nkhokwe zitayamba kupepuka. Ndiyo nthawi imene a m'tauni ankabwera, ndi amene anali ku Joni kapena ku Halale, atanyamula shuga, buledi ndi nsalu. Usaganize kuti ankabwera ndi mtendere wokhawokha. Ankapeza mbuzi yawo itagulitsidwa, munda wa kudambo utalimidwa ndi wina, ndalama za malata zitalowa ku matenda. Mkwiyo unalipo, waukulu kuposa wa amalume akowo. Koma sunkaloledwa kufika pamphasa yodyera.

Amalume a mayi anga, amene anali mwinimbumba, ankayamba ntchito yawo masiku angapo chikondwerero chisanafike. Ndikuwaona mpaka lero, atavala jekete lakuda long'ambika pachigongono, mpando wawo wachikumba uli m'manja, akulowera kuseri kwa nkhokwe. Ankaitana mmodzimmodzi. Woyamba ankalankhula mpaka mawu kumuthera, iwo ali duu, akungopukusa chimanga m'lichero. Akatha ankangoti, “Ndamva, pita.” Madzulo ankaitana winayo. Pokhapokha atamva mbali zonse m'pamene ankawakumanitsa, m'mamawa dzuwa lisanatenthe, munthu asanalawe mowa, ana atatumidwa kudambo kukasaka bowa. Ife tinkadziwa kuti bowawo ndi chifukwa chabe. Pobwera tinkapeza azakhali maso ali psuu, koma akusosola nkhuku. Nkhukuyo inali ya wolakwa, ya chipepeso, ndipo madzulo ake onse ankapisa dzanja m'mbale imodzi.

Ikakhala nkhani ya m'banja, ya mwamuna ndi mkazi, ankaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Imeneyo mwinimbumba sankaigwira yekha.

Ndiye pofika tsiku lenilenilo, mpunga utaphikidwa mumphika waukulu uja wa pa maliro ndi pa ukwati, thobwa lili m'ndowa, panalibenso choti munthu atulutse. Mwana wamng'ono ankazungulira ndi beseni ndi chikho, atagwada, kuyambira kwa wamkulu kutsika m'munsi. Abambo ankadyera pansi pa mtengo wa mango, amayi kukhitchini, ana pamphasa yawo. Anthu a masiku ano amati kumeneko kunali kusalana, ndipo pena ndimawamvetsa. Koma taganiza: mlamu ndi mlamu amene mitima inali isanapole sankayang'anizana maso ndi maso kwa maola awiri, mipeni ndi mafoloko zili m'manja, botolo la vinyo lili pakati. Ndipo wina akayerekeza kuyambitsa nkhani ali ndi mbamu m'dzanja, wamkulu ankangokweza maso n'kunena kuti, “Tidye kaye.” Zinkathera pomwepo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti nkhaniyo ili ndi malo ake ndi tsiku lake, ndipo idzamvedwa ndithu. Mlandu suola.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti inu kunjako mwasunga mpunga, mwasunga nkhuku, ena mpaka ufa ndi usipa mumaitanitsa, koma mpando uja wa kuseri kwa nkhokwe munausiya. Mumaonana kawiri pa chaka, aliyense ali pa shifiti yake, wina usiku wina usana. Chaka chonse nkhani imangotukusira m'mafoni, m'gulu lija la banja la pa WhatsApp, momwe mwana wa zaka 15 amawerenga akuluakulu akunyozana, wina n'kutuluka m'gulu mokwiya. Ndiye tsiku lokhalo limene mwakumana, munthu akapanda kulankhula alankhula liti? Amalume ako sindikuwaikira kumbuyo, anachita zosayenera pamaso pa ana ndi alendo. Koma ndikuona munthu amene anasowa pokatula nkhawa yake.

Iweyo ndiwe mwana pa nkhaniyi. Usakaweruze, usakafunse malisiti, ndipo usakatenge mbali ngakhale mayi aang'onowo ndi amene anakulandira pabwalo la ndege. Mwana wa mlongo saunika mlandu wa amalume ake. Chimene ungachite ndi kunyamula uthenga. Poti mwinimbumba wanu ndi yemweyo ali m'mkanganowo, nkhaniyi ikwere kwa amene ali pamwamba pake. Kumudzi kwanu sikungasowe mchimwene kapena mng'ono wa malemu agogo anu, kapena wamkulu wina amene awiriwa amamuopa. Uwauze mayi ako kuti ndiwo amuimbire. Ngati mayi ako akuzengereza, imba wekha, upereke moni wonse bwinobwino, ufunse za mvula ndi za m'munda, kenaka unene kuti, “Agogo, ana anu kuno sakumwerana madzi.” Usaonjezere ndemanga zako.

Wamkuluyo alankhule ndi aliyense payekha, pa foni ya mawu, zolembalemba ayi. Mukumbuke kuti mu Disembala kuno timakhala patsogolo ndi maola 7, ndiye m'mawa wanu wa Loweruka ndi masana athu, nkhalamba isanayambe kusinza. Afufuzenso kwa amene ankalandira ndalamazo kumudzi, chifukwa kawirikawiri pa nkhani za chiliza ndalama zimakhala zinafika ndithu, koma zinakumana ndi feteleza, fizi kapena matenda, wolandirayo n'kuchita manyazi kunena. Zikatero upeza kuti awiri aku Indiana aja palibe wabodza. Zonsezi zichitike Khirisimasi isanakwane, ngakhale kutatsala sabata imodzi.

Pa tsikulo upite molawirira ukathandize kukhitchini. TV ikhale yozimitsa nthawi ya chakudya, masewerowo mudzaonera mbale zitatsukidwa. Ndipo ngakhale m'nyumbamo muli mipopi ya madzi otentha, iwe utenge beseni, jagi ndi kansalu, ugwade, uyambire kwa amalume ako, kenaka mayi aang'ono. Ana obadwira konkowo adzakudabwa, uwauze kuti chaka chamawa ndi ntchito yawo. Ukandilembere m'mene zayendera, ndipo chiliza chikamangidwa mudzabwere nonse kudzachivundukula.