Nzeru inali ya mayi osankha mtedza, koma mu lipoti munalibe dzina lawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a pa Kasungu boma. Angowakweza kumene kuti aziyang'anira anzawo asanu ndi mmodzi pa sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Akuti: "Ndikafunsa zoti tikonze pantchito, onse amangoyang'ana pansi. Ndalama za bonasi ndilibe. Ndingawathokoze bwanji kuti ayambe kutulutsa maganizo awo?"

Achemwali, imelo yanuyi yandikumbutsa shedi ya mtedza ku Kamwendo, kwathu kuno ku Mchinji, kumene ndinagwirako ukalaliki zaka zinayi. Mundilole ndiyambire kumeneko.

Mdani wa mtedza ndi chuku. Chimabwera ndi chinyezi, n'kusiya poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo ogula akunja akamupeza wochuluka amabweza katundu yense. Ku Ulaya mtedza woti anthu adye suloledwa kukhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa biliyoni. Chaka china matumba athu ambiri ankalephera akayezedwa. Mabwana anati vuto ndi alimi, amawaza madzi pamtedza kuti usavute kuswa. Zimenezo zimachitikadi, sindikana. Koma tsiku lina tikudya m'memo pansi pa mtengo wa mango, mayi wina mwa amene ankasankha mtedza anandiitana. "Akalaliki, mwawaonetsetsa matumba amene akuwonongekawo? Ndi apansi, ndi a kukhoma la kumadzulo. Simentiyo m'mawa imatuluka thukuta." Anati tiyale mitengo ya bulugama pansi, matumba asagunde khoma, ndipo obwera poyamba azituluka poyamba. Anyamata onyamula matumba anaigwira ntchitoyo Loweruka limodzi. Chuku chinachepa moti aliyense anaona.

Lipoti ndinalemba ndine. Ndinayamba ndi mawu akuti "Tinaona kuti..." A manejala anakaliwerenga ku msonkhano ku Lilongwe, anawombera m'manja, anabwerako akumwetulira. Mayi aja anazimvera kwa dalaivala. Sanakalipe. Anangondipatsa moni mwaulemu nati, "Tamva kuti mwachita bwino kumeneko."

Dzinja lotsatira lata lina linayamba kudontha pakona, matumba ambiri ananyowa tisanadziwe. Ndinawafunsa mayi aja ngati sanaone, popeza ankakhala chapafupi pomwepo tsiku lonse. "Tinaona," anatero. "Koma ife ndife aganyu. Zoona ndi za a muofesi."

Mawu amenewa amandipwetekabe mumtima mpaka lero. Dzina lawo sindililemba pano chifukwa sindinawapemphe chilolezo, koma pamene linkafunika kulembedwa, mu lipoti muja, ndinalisiya ndine.

Choncho anzanuwo musawaone ngati alibe nzeru. Anaonapo kale kumene nzeru ya munthu wamba imathera. Ena amati Amalawife ndi amanyazi, ulemu umatitseka pakamwa. Ine zimenezo ndimazikana kwamtuwagalu. Pitani mukakhale pa banki m'khonde Lachitatu madzulo mukaone amayi omwewo akuwerengera tambala iliyonse, akutsutsa mlembi pamaso, akusintha malamulo a chiwongoladzanja. Pitani pa maliro mukaone mmene adzukulu amagawanira ntchito popanda bwana. Pamenepo amayankhula chifukwa chinthucho n'chawo ndipo mawu awo amawerengedwa. Akafika pantchito m'pamene amaphunzira kuti pakamwa pamaika munthu m'mavuto, ndipo pakatuluka chabwino chimakwera ndi wina galimoto kupita ku likulu.

Ndipo apa ndinene za maphunziro a kunyanja. Pafupifupi bungwe lililonse limene ndinalidziwa, kukabwera mwayi wa maphunziro ku Salima kapena ku Mangochi, amapita ndi a muofesi chifukwa kuli alawansi. Wogwira ntchito yeniyeniyo amatsala. Obwerako amabwera ndi tisheti ndi chikwama, osafotokozera aliyense. Kenako amakhoma bokosi la maganizo pakhomo, kiyi n'kutayika, m'katimo mavu n'kumanga. Za chithunzi cha "wogwira ntchito bwino mwezi uno" nazonso sindizikhulupirira. Chimazungulira kwa anthu atatu omwewo, ndipo palibe amene angakuuzeni chimene munthuyo wachita. Chimabala nsanje basi.

Anthu a ku Japan ali ndi mawu akuti kaizen, kutanthauza kusintha zinthu kuti zikhale bwino, pang'onopang'ono koma osalekeza. Kampani ya Toyota inayamba kulandira maganizo a antchito ake mwadongosolo mu 1951, ndipo m'mafakitale mwake wantchito wamba akaona cholakwika amaloledwa kukoka chingwe choitanira woyang'anira, ngakhale ntchito iime. Taganizani, munthu wapansi kuimitsa makina a kampani yaikulu chotero, osaopa kuchotsedwa ntchito. Nzeru yomweyi inafika m'zipatala zina za boma kuno kwathu kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, mwina munaonapo mashelefu olembedwa bwinobwino ndi zikwangwani za 5S, mfundo zisanu zosungira malo antchito mwadongosolo ndi mwaukhondo. Koma makolo athu anazinena kale: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chimene timasowa ife ndi chingwe chijachi, chilolezo choti wapansi anene kuti apa pavuta, iye n'kutsala wamtendere.

Tsono za sitolo yanu

Lolemba m'mawa musanatsegule chitseko, imani nonse mphindi khumi. Musafunse kuti "tikonze chiyani", funso limenelo n'lalikulu, limaopsa. Funsani kuti, "Sabata yathayi chinakutopetsani kwambiri n'chiyani?" Wina adzanena za matumba a Urea amene auma ngati mwala chifukwa ali pasimenti, wina za mbewu ya chimanga yakale imene yabisika kumbuyo kwa yatsopano, wina za mzere wa alimi umene umasokonekera mu Novembala mvula ikayandikira. Sankhani chimodzi, muchiyese sabata yomweyo. Chikatheka, tchulani dzina la mwini nzeru pamaso pa anzake, ndi chimene anachita, ndi chimene chapulumuka. Mukamalembera eni sitolo, dzina lomwelo lilowemo, ndipo mumuonetse mwiniwakeyo kuti lalowa. Chikakanika, bwererani kwa iye mumuuze chifukwa chake. Musaiwale mlonda ndi wosesa, amene ntchito yawo imaoneka tsiku limene sanabwere lokha.

Koma chimodzi ndikuchenjezeni, chifukwa ndachiona kambirimbiri. "Zikomo" sagula ufa. Ngati malipiro akuchedwa, ngati anthu akugwira mpaka usiku nyengo ya feteleza osalandira kalikonse, kuthokoza kwanu adzakumva ngati chipongwe. Bonasi mulibe, ndamva, koma pakamwa muli napo. Kawamenyereni nkhondo kwa eni sitolo, ndipo iwo adziwe kuti munapita.

Mayi aja ndinakumana nawo pa msika wa Kapiri patatha zaka zingapo nditasiya ntchito. Anali atayamba kugula okha mtedza kwa alimi, ali ndi sikelo yawo, matumba atawasanja pamitengo kutali ndi khoma. Ndinawapepesa za lipoti lija, ndinawauza kuti ndinalakwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta manja pachitenje, kenako anandifunsa ngati lata lija anadzalikonza.