Lonjezo la Mozambique pa za utsi woononga nyengo: mlimi likumukhudza pati?

Bambo wina wa ku Dómuè, m'boma la Angónia, afunsa kuti: "Alangizi, pa wailesi akuti dziko lathu linalonjeza kuchepetsa utsi woononga nyengo. Ife tilibe fakitale, galimoto tilibe. Malasha akudzaza sitima ku Moatize. Nanga bwanji mukulimbana ndi ife a khasu kuti tisatenthe mapesi?"

Bambo, kudandaula kwanu nkomveka. Mozambique inalowa m'Pangano la ku Paris, mgwirizano wa mayiko wothana ndi kusintha kwa nyengo, mu 2018, ndipo mu 2021 inalonjeza kuchepetsa mpweya wa kaboni ndi matani 40 miliyoni pakati pa 2020 ndi 2025. Utsi wathu ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa China kapena America. Ngakhale magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a damu la Cahora Bassa. Malasha a ku Moatize ambiri amatuluka kudzera ku Nacala ndi ku Beira, ndipo utsi wake amauwerengera dziko lomwe lakawaotcha, monga India. Koma mavuto tikusenza ndife. Simunaiwale namondwe Ana mu Januwale 2022, mtsinje wa Revúbuè utasefukira n'kuononga mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, kapena ng'amba ya 2024 yomwe inapsereza chimanga chisanabereke.

Tsono nkhani imafika pa ife motere: pa utsi wochepa womwe dziko lathu limatulutsawo, gawo lalikulu limachokera m'nkhalango ndi m'minda, potsegula mphanje, pootcha makala ndi pa lupsa. Mtengo umasunga kaboni m'thunthu ndi m'mizu, nthaka yamanyowa nayonso imasunga. Moto ukadutsa, zonsezo zimakwera kumwamba.

Komabe ine sindikuuzani kuti musiye kutentha chifukwa cha Paris. Siyani chifukwa cha munda wanu. Mu Okutobala, dzuwa lili phwee, kafukuleni pansi pa mapesi omwe munayala: dothi mulipeza lozizira, lofewa, lakuda. Pomwe munatentha, khasu limangolira ngati mwamenya mwala, ndipo mvula yoyamba imakokolola phulusa lonse kupita nalo kudambo. Ng'amba ikagwa mu Januwale, chimanga cha pophimbira chimapirira pamene cha pamtetete chapota kale masamba. Ambiri mumaopa chiswe. Chiswe chimakonda zouma. Chikapeza mapesi chimatanganidwa nawo, ndipo njira zake zimathandiza madzi kulowa pansi. Chovuta chenicheni ndi ng'ombe zongotayirira m'chilimwe ndi anyamata osaka mbewa ndi moto. Zimenezo munthu mmodzi sangazithe, khalani pansi ndi a nyakwawa mugwirizane lamulo la mudzi, ndipo lambulani m'malire mwa munda udzu usanaumitsitse.

Zitsa zophukira musazizule. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani. Zimakula msanga kuposa mbande ya ku nazale chifukwa mizu ilipo kale, ndipo mudzapezapo nkhuni ndi milimo ya zigafa za fodya. Msangu muusiye m'munda: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba chimanga, koma umachidyetsa. Nandolo, soya ndi nyemba zilowe m'kasinthasintha wa mbewu. Ureya musangomwaza pamwamba, kwirirani, apo ayi ndalama yanu iuluka ndi mphepo.

Mayi wina wa ku Tsangano afunsanso kuti: "Akuti mitengo ili ndi ndalama za kaboni. Tingazipeze bwanji?"

Mayi, ndalamazo zilipodi. Mu 2021 Mozambique inakhala dziko loyamba kulandira malipiro otere kuchokera ku thumba la nkhalango la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse: madola 6.4 miliyoni chifukwa chochepetsa kudula mitengo m'maboma ena a ku Zambézia. Koma dziwani kuti sizibwera kwa munthu mmodzi chifukwa wabzala mitengo khumi kuseri kwa nyumba. Amayeza dera lonse kwa zaka, ndalama imadzera m'boma, ndipo imachedwa. Musawerengere zimenezo pogula feteleza wa chaka chino.

Apa ndiye ndikupempheni ndi mtima wonse. Akabwera alendo ndi mapepala a polojekiti ya kaboni, musathamangire kusaina kapena kudinda chala. Afunseni kuti panganolo ndi la zaka zingati, ngati mudzaloledwabe kutola nkhuni, kudyetsa ziweto ndi kulima pamalopo, ndiponso kuti mudzi udzalandira zingati pa ndalama yomwe iwo adzagulitse. Nthaka m'dziko muno ndi ya boma, koma lamulo limazindikira ufulu wa mudzi wogwiritsa ntchito malo ake, DUAT ija, ndipo limafuna kuti anthu afunsidwe kaye. Pepalalo liwerengedwe m'Chichewa pabwalo, amayi alipo, kenako mubwere nalo ku SDAE, ofesi yapaboma yoona za ulimi ndi chuma, tidzalione limodzi musanayankhe.