Kodi kukhala m'kalabu kumagwirizana ndi mtundu wa mtedza umene mlimi amabzala?

FUNSO: Ndikuphunzira zaulimi, ndipo ndinafunsa alimi a mtedza 100 kwa Mkanda m'boma la Mchinji. Mwa alimi 40 a m'makalabu, 30 anabzala CG7 ndipo 10 anabzala Chalimbana, pamene mwa 60 omwe sali m'kalabu, 30 anabzala CG7 ndipo 30 enawo Chalimbana. Aphunzitsi anga akuti ndiyese ndi chi-squared. Kodi maperesenti sakukwanira? — Wophunzira, Mchinji

YANKHO: Maperesenti anu, 75 kwa a m'kalabu ndi 50 kwa enawo, akuonetsadi kusiyana, koma sangakuuzeni ngati kusiyanako ndi kwenikweni kapena kwangochitika chifukwa cha anthu amene munakumana nawo. Njira ya chi-squared, imene katswiri wa masamu Karl Pearson anaifalitsa m'chaka cha 1900, imayerekeza zimene mwapeza ndi zimene mukanapeza kalabu ikanakhala yosakhudzana n'komwe ndi mbewu.

Alimi onse a CG7 ndi 60 mwa 100, choncho pakanapanda mgwirizano uliwonse, mwa 40 a m'kalabu tikanayembekezera 24, chifukwa 40 kuchulukitsa ndi 60, n'kugawa ndi 100, zimapereka 24. Mwa njira yomweyo, a Chalimbana m'kalabu akanakhala 16, ndipo kunja kwa kalabu a CG7 akanakhala 36, a Chalimbana 24. Mukaika manambalawa m'tebulo, m'timabokosi take tonse tinayi, zimene mwapeza zikusiyana ndi zoyembekezeka ndi 6. Chulukitsani 6 ndi 6, ndipo 36 yotulukayo muigawe ndi nambala yoyembekezeka ya kabokosi kalikonse, mupeza 1.5, 2.25, 1 ndi 1.5, zomwe pamodzi ndi 6.25, ndipo imeneyi ndiyo chi-squared yanu.

Tebulo la mizere iwiri yopingasa ndi iwiri yotsika lili ndi degree of freedom imodzi (kutanthauza kuti mukadziwa ziwerengero zophatikiza za mzere uliwonse ndi nambala ya kabokosi kamodzi, tina titatuto timadziwika tokha), mfundo imene katswiri wina, Ronald Fisher, anaikonza mu 1922, ndipo malire ake pa mlingo wa 0.05 ndi 3.84, kutanthauza kuti pakanapanda mgwirizano, nambala yoposa 3.84 ikanatuluka mwangozi pafupifupi kasanu kokha pa 100. Popeza 6.25 wadutsa malirewo, mutha kulemba kuti kukhala m'kalabu ndi mtundu wa mbewu zikugwirizana.

Muziika m'tebulo chiwerengero cha anthu enieni, osati maperesenti, ndipo mlimi aliyense awerengedwe kamodzi kokha. Nambala yoyembekezeka ikachepera 5, njirayi siyodalirika ndipo njira ina yotchedwa Fisher's exact test ndiyo yoyenera, koma zanu zili bwino poti yochepetsetsa ndi 16.

Pamene ophunzira ambiri amaterereka, ndipo ndaziona m'malipoti ambiri ndithu, ndi polemba kuti kalabu ndiyo yachititsa alimi kusankha CG7. Chi-squared sanena zimenezo. Mwina alimi a minda ikuluikulu, kapena okhala pafupi ndi msika wa Mkanda, ndi amene amalowa m'kalabu komanso amakwanitsa kugula mbewuyo. Ngati munafunsa za kukula kwa minda, gawani alimiwo potengera maekala awo n'kuyesanso gulu lililonse palokha.