Galimoto ya mpikisano wa m'chipululu: yambani ndi kutentha kwa injini, liwiro pambuyo

Bambo wina wa ku Chilomoni walemba imelo kufunsa kuti: "Ndikufuna kukachita nawo Toyota 1000 Desert Race ku Botswana. Ndigule Hilux, Pajero kapena Land Cruiser? Nanga ndiyambe ndi kuwonjezera mphamvu za injini?"

Bambo, mphamvu za injini zisiyeni kaye. Mu mchenga wa ku Kalahari galimoto zambiri zimafa ndi kutentha, mashoko ndi matayala, liwiro lisanakhale nkhani.

Pa zitatuzo, sankhani yomwe masipeya ake mungawapeze mu Limbe tsiku lomwelo, ndipo apa Toyota ndiyo ikutsogola. Land Cruiser 80 ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2 yopanda tebo, ndi yolemera komanso yaulesi pokwera mulu wa mchenga, koma makaniko aliyense amaidziwa. Hilux ya 1KD, ya malita 3.0, ndi yopepuka ndiponso yachangu, kungoti mainjekita ake safuna dizilo wa madzi kapena wa fumbi. Ya 1KZ-TE muyikayikire kwambiri, chifukwa ikangotenthetsa kamodzi hedi imang'aluka. Pajero inapambana mpikisano wotchuka wa m'chipululu wa Dakar maulendo 12, inde, ndipo Nasser Al-Attiyah anapambana ndi Hilux mu 2019, 2022 ndi 2023, koma zimenezo ndi galimoto zomangidwira mpikisano kuyambira pa chasisi. Ndi yanuyo zimangofanana dzina. Pogula gwadani pansi ndi tochi, muone chasisi pomwe pamagwira masipuling'i ndi bokosi la chiwongolero. Mukapeza mng'alu wowotcherera kale kapena dzimbiri lophimbidwa ndi penti yakuda, ingochokani.

Tsopano kutentha. Mu mchenga injini imalira kwambiri koma galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndiye mphepo yolowa kutsogolo imachepa. Ikani ladiyeta yatsopano, osati yotsukidwa, pamodzi ndi mapaipi onse a madzi, wotapampu ndi themositati. Themositatiyo musalole aichotse, ngakhale amakaniko ambiri amakonda kutero. Kenaka yesani fani: injini itatentha bwino, izimitseni ndi kupukusa faniyo ndi dzanja. Ikamazungulira mopepuka ngati ya m'nyumba, mafuta a mkati mwa kalachi yake anatha, ndipo siyikukoka mphepo. Geji ya pa dashibodi imasuntha mochedwa, choncho onjezerani ina yosonyeza manambala. Ngati giya ndi ya otomatiki, mafuta ake akufunanso kaladiyeta kawokawo. Fyuluta ya mpweya nyamulani zosachepera ziwiri zapadera, ndipo musamaipope ndi kompuresa yamphamvu, pepala lake limabooka timabowo tosaoneka, fumbi n'kulowa mu injini.

Mashoko wamba akagunda mabampu kwa nthawi yaitali mafuta ake amatentha n'kuchita thovu, galimoto imayamba kudumpha osagwira pansi. Gulani okhala ndi kathanki kapadera ka mafuta, ndipo pamene amamangidwapo palimbitsidwe ndi chitsulo china. Musaikweze kupitirira masentimita 5, makamaka Hilux, chifukwa ma CV joint, omwe ndi majointi opereka mphamvu ku matayala akutsogolo, amapindika kwambiri n'kuthyoka. Pansi pa injini ndi thanki ikani mbale ya aluminiyamu ya mamilimita 6 kapena 8.

Matayala akhale a m'mbali molimba, pa rimu ya mainchi 16 kapena 17, sipeya ziwiri. Mu mchenga wofewa tsitsani mpweya kufika pa 1.0 mpaka 1.2 bar kuti tayala litambasuke. Mukatsitsa mopitirira apo n'kukhota mwamphamvu, limavuka pa rimu. Pofika pa miyala popaninso.

Apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse: roll cage, chimango cha mapaipi achitsulo choteteza anthu mkati galimoto ikagubuduzika, musaipangitse ndi mapaipi a madzi. Paipi yotere ili ndi msoko, galimoto ikagubuduzika imang'ambika pamsokopo. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto pa dziko lonse, amafuna paipi yachitsulo yopanda msoko, ya mamilimita 45 ndi 2.5 kapena 50 ndi 2.0 pa chigawo chachikulu. Pakufunikanso mipando ya mpikisano, malamba ake, zipewa, chozimitsira moto ndi switchi yodula batire yofikirika kunja ndi mkati. Pezani malamulo a chaka chimenecho kwa okonza mpikisano musanawotcherere chilichonse, poti oyendera galimoto akaikana, simunyamuka.

Kuyesa muli nako pafupi. Tsikirani ku Chikwawa mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mupemphe chilolezo kwa amfumu, muyendetse mu mchenga wa mtsinje wouma thanki itadzaza, matayala a sipeya ali m'mwamba ndiponso mnzanu wowerenga njira ali pampando. Yezani dizilo yemwe wapita, chifukwa mu mchenga imatha kumwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pa tala. Pobwerera, chitunda cha Thabwa chikuuzani ngati ladiyeta yakhoza. Mukafika, onaninso mabawuti onse ndi sipanala, muwalembe kamzere ka penti kuti lomasuka lizioneka msanga. Ulendo wa ku Botswana wokhawo galimotoyo ikwere pa thirela, ndipo mapepala ake akhale okonzeka musanafike pa chipata cha Mwanza.